Tizipatso ta m'chidebe mumzinda wa ludzu

Mlendo akafika ku Gaborone m'mwezi wa Okutobala, choyamba kumulonjera ndi dzuwa loswa mtengo. Ukakwera phiri la Kgale umaona damu la Gaborone lili phee, damu lomwe lidaphwa mu 2015 mpaka mipopi ya m'nyumba zambiri kuuma. Mvula ya kuno ndi ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka, ndipo n'chifukwa chake ndalama ya dzikoli adaitcha pula, kutanthauza mvula.

Ndidafikira kwa mayi wina wa ku Dedza amene adakhazikika ku Tlokweng. Kuseri kwa nyumba yawo adandionetsa zidebe zisanu ndi chimodzi momwe adabzalamo blueberry, tizipatso tobiriwira moderako tomwe kwawo ndi ku North America.

Mbewuyi ndi yosankha. Imafuna nthaka ya asidi wambiri, ya pH 4.5 mpaka 5.5, choncho mayiwa sabzala pansi koma m'makungwa a paini owolerana. Amathirira ndi madzi a mvula otchera padenga, poti a pamjigo amayezukitsa masamba. Pamwamba pali ukonde wotchinga dzuwa ndi mbalame.

"Musathothole chofiirira, achimwene," adandichenjeza. "Chikachoka pamtengo sichiwonjezeranso kutsekemera."

Tidadzaza kapu imodzi yokha. M'mawa mwake tidaithira m'phala la mabele, lomwe ndi mapira kwathu, ndipo phalalo lidasanduka mtundu, ana n'kumalimbirana.

Komabe panjira yopita ku Gabane ndidaona mitengo ya morula, yomwe ife timati mfula, itaima pouma popanda woithirira. Zipatso zake zimagwa zokha kuyambira Januwale mpaka Malichi, zimaposa lalanje pa vitamini C, ndipo amayi amapangira jamu ndi chakumwa. Morojwa, amene ana a kuno amatafuna ngati chingamu, ndi matowo athu omwe aja.

Apa m'pamene mtima udabwerera kwathu. Mayi uja amasunga dontho lililonse kuti apeze kapu imodzi ya zipatso zachilendo, pomwe ife, okhala ndi nyanja ndi mitsinje, tikugwetsa misuku ndi mitowo kuti tiotche makala. Chilimwe chikadzatifika ngati cha ku Gaborone, mitengo yomwe tikudulayi ndiyo ikadadyetsa ana athu.