Mlendo Wobisala M'mwala

Nsomba zathu zitayamba kusowa, tinkayesa ndi matenda. Madzi amchere m'tanki anali oyera bwino, koma tikawerenga m'mawa tinkapeza ina yazimirira. Usiku wina tinazimitsa magetsi n'kudikira ndi tochi. Pansi pa mwala panasuzumira mutu wa nyongolotsi wokhala ndi tinyanga tisanu. Inali Eunice aphroditois, imene imabisala n'kumbwandira nsomba ndi nsagwada zake zakuthwa. Inabwera ili kamwana m'mphako ya mwala wa m'nyanja umene tinagula.

Mtima unati tiiphe. Koma inalakwa chiyani? Ndife amene tinaichotsa kwawo. Tinakumbukira za ku Blue Reef Aquarium ku Newquay, m'dziko la England, kumene mu 2009 anapeza nyongolotsi yotalika kuposa mita imodzi. Sanaiphe. Anaipatsa tanki yakeyake ndi dzina loti Barry.

Ife malo otere tinalibe. Kuikoka kukanaidula pakati, choncho tinanyamula mwala wonsewo kukaupereka kwa mnzathu amene amasunga zolusa zoterezi pazokha. Masiku ano mwala watsopano umayamba wakhala kaye m'ndowa milungu ingapo, tikuuyang'anitsitsa usiku, tisanaulowetse kwa nsomba zathu.