Funso la Bambo Anga: Kodi Manoma Adzakhala ndi Pakwawo?

Lamulungu lapitalo ndidaimbira foni bambo anga ku Bangwe, monga ndichitira sabata iliyonse. Titatha kukambirana za mvula, za mtengo wa feteleza ndi za bondo lawo lomwe lawazunza chiyambire chaka chatha, adakhala chete pang'ono, kenaka n'kundifunsa kuti, "Iwe amene ukuona za maiko a eni, tandiuza zoona. Kodi Manoma amenewa ndidzawaona akusewera pabwalo lawolawo ndisanatsikire kulichete?" Ine ndidaseka, ndipo ndidawauza kuti mayunitsi akutha. Sadali kutha ayi. Ndidangosowa choyankha, pakuti bambo anga sindidawanamizepo pa nkhani ya mpira.

Abale a ku Chipata, a ku Tete, a ku Lichinga ndi a ku Harare, mundilole ndikulongosolereni pang'ono. Mumzinda wa Blantyre muli matimu awiri omwe adagawana mitima ya anthu kalekale: Mighty Wanderers, ovala zobiriwira ngati thambo, omwe timawatcha Manoma kapena Nyerere, ndi Big Bullets, ovala zofiira, omwe eni ake amawatcha Maule. Wina akamanena za mnzake satchula dzina, amangoti "neba." Inu a ku Zambia ganizirani za Nkana ndi Power Dynamos ku Kitwe. Wanderers idayamba mu 1962, Bullets mu 1967, ndipo akuluakulu amasimba kuti oyambitsa Bullets adachita kupatuka ku Wanderers komweko. N'chifukwa chake bambo anga mpaka lero amati Maule ndi mwana wothawa pakhomo. Ndikawakumbutsa kuti mwanayo adalemera kuposa kholo, amasintha nkhani.

Chinthu chimodzi chimene matimu awiriwa amafanana ndi maleredwe awo. Onse adakula ngati mwana wamasiye woyenda m'makomo, yemwe aliyense womudyetsa amamupatsa dzina lake. Maule adakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, ndipo kuyambira 2023 patsogolo pa dzinalo padabwera zilembo za banki ya First Capital. Ife tidakhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers ndi Be Forward Wanderers. Mu 2022 tidatenga dzina la Mukuru, kampani yotumizira ndalama yomwe likulu lake lili kuno ku Cape Town. Chaka chimenecho ndinkayenda monyadira. Ndikamatumiza kangachepe kwa amayi mwezi ukatha ndinkadziuza kuti thukuta langa la m'minda ya maluwa ya ku Constantia likufika mpaka ku Lali Lubani, kunyumba kwa Manoma. Kudzinamiza kotero kumatonthoza munthu wapaulendo.

Kuno ndimakhala ku Capricorn, kufupi ndi Muizenberg, komwe mphepo ya m'chilimwe imalowetsa mchenga mpaka m'poto wa nsima. Khomo loyandikana ndi langa ndi la mnyamata wa ku Ndirande, Maule weniweni, woti ukamudula magazi ake angatuluke ndi nambala ya jezi. Iye amanditcha Neba, inenso ndimamutcha Neba, kotero kuti ana a pamalopo amayesa ndilo dzina lathu tonse. Tsiku la dabi timatsamiritsa foni pachitini cha shuga, n'kumamvera kapena kuonera malinga ndi mmene intaneti yadzukira. Usiku wa Lamulungu lija ndidamufotokozera funso la bambo. Ndinkayembekeza chipongwe, koma iye adayankha mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kudandipweteka. Adati, "Achimwene, madala afunsa za bwalo, koma chenicheni akufunsa ngati timuyo idzakhalepo iwo atapita."

Tsono ndakhala sabata yonse ndikuyeza matimu awiriwa, osati pa zigoli za chaka chatha, koma pa chimene chawagwiriziza kuti asagwe.

Ndiyambe ndi zowawa. Kampani ya Nyasa Manufacturing, yopanga ndudu, itatenga umwini wa Bullets mu 2017, idachita chinthu chomwe ife sitidachizolowere: idadekha. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe adafika chakumapeto kwa 2018, ndipo adakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi. M'zaka zimenezo adatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 adasesa zonse, ligi pamodzi ndi zikho za FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel. Komatu zikho sizindiopsa kwenikweni, pakuti chikho chimabwera ndi kupita. Chimene chidandiopsa ndi fainolo ya chikho cha FDH Bank ya 2022, pomwe Bullets idakumana ndi timu yake yomwe yachisodzera. Taganizani: matimu ena onse a m'dziko atagwa m'njira, n'kutsala bambo ndi mwana wake kulimbirana mbale imodzi. Tsiku limenelo ndidazindikira kuti neba ali ndi nazale. Akazula mtengo n'kugulitsa, monga adachitira ndi Charles Petro wopita ku Sheriff ya ku Moldova, kapena Peter Banda wopita ku Simba ya ku Tanzania, pamalopo amaokerapo mbande yomwe adafesa yekha. Ine ntchito yanga ndi ya m'munda, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa munthu wokhala ndi nazale ndi munthu wogula maluwa otumbuka kale kusitolo. Wachiwiriyo munda wake umakongola msanga, koma chaka chamawa ayenera kupitanso kusitolo.

Ife takhala anthu ogula otumbuka kale. Pamene neba adali ndi mphunzitsi mmodzi, pampando wa ku Lali Lubani padadutsa Alex Ngwira, Mark Harrison, Nsanzurwimo Ramadhan, Meck Mwase, mpaka kufika pa Bob Mpinganjira. Aliyense adabwera ndi maganizo ake, n'kupeza osewera osankhidwa ndi mnzake. Ligi tidaitenga mu 2006, tidadikira mpaka 2017, ndipo titatero tidadikiranso zaka zambiri. Inde, tidatenga Airtel Top 8 mu 2022 ndi chikho cha Castel cha 2024, ndipo usiku wa Castel ndidavina mpaka eni nyumba adagogoda pakhoma. Koma chikho chimafuna masewero asanu abwino, pamene ligi imafuna chaka chathunthu cha mwambo.

Wina anganene kuti ndine wosayamika, pakuti Wanderers lero ili pabwino kuposa mmene idalili. Zoonadi. Be Forward itachoka m'nyengo ya mliri wa Covid-19, timu idatsala padzuwa, osewera akudandaula za malipiro, ochemerera akuyendetsa mbale. A Thomson Mpinganjira, omwe adayambitsa banki ya FDH, ndiwo adaitola mu 2021, ndipo idalembetsedwa ngati kampani. Munthu wotere sitimunyoza. Amaikonda timuyo ndi mtima wa Nyerere, ndipo chikondi chake chaoneka m'thumba, osati pakamwa pokha. Nkhawa yanga ili poti mutu umodzi susenza denga. Munthu amatopa, amakalamba, amakhumudwa ndi mwano wa ochemerera omwe sadaponyepo ngakhale tambala. Ndipo amene adatiphunzitsa kuopsa kwa thumba limodzi ndi neba yemweyo.

Achinyamata sakumbukira 2004. Chaka chimenecho Bakili Bullets, pansi pa Kinnah Phiri ndi ndalama za pulezidenti wa nthawiyo a Bakili Muluzi, idatulutsa Orlando Pirates mumpikisano wa akatswiri a mu Africa ndi kufika m'magulu, momwe idakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria. Palibe timu ina ya ku Malawi idafikapo pamenepo. Ngakhale bambo anga adaombera m'manja, mobisa. Koma thumba lija litatsekeka, timu yomweyo idasanduka yopemphetsa, ndipo itatenga ligi ya 2005 idadikira mpaka 2014 kuti iilawenso. Ulemerero wonse uja udalibe mizu. Maule adaphunzirapo kanthu pa njala imeneyo. Sindikudziwa ngati ife taphunzirapo pa yathu.

Apa Neba wanga adayamba kumwetulira, poganiza kuti ndagonja. Ndidamuuza kuti adikire, chifukwa zaka zomwe ndakhala kuno zandionetsa kuti umwini wa kampani nawonso uli ndi manda ake. Maule amanyadira kutchedwa timu ya anthu. Mumzinda uno mudalinso timu yotchedwa chimodzimodzi, Santos, yobadwira ku Heideveld, yomwe idatenga ligi ya South Africa mu 2002 pansi pa Gordon Igesund. Idatuluka m'ligi yaikulu mu 2012, ndipo lero mwana wa ku Athlone ukamufunsa za Santos amayamba waganiza kaye. Ajax Cape Town, yomwe nazale yake idatulutsa osewera ambiri, idasanduka Cape Town Spurs mu 2020 eni ake a ku Amsterdam atachotsa dzanja. Chaka chomwecho Bidvest Wits, itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100, idagulitsa malo ake m'ligi. Chaka chotsatira Bloemfontein Celtic, komwe Gabadinho Mhango adafikira atachoka ku Bullets, timu ya ochemerera oimba kuposa onse m'dziko lino, idagulitsidwa n'kusamutsidwira ku KwaZulu-Natal ndi dzina lina. Anthu aja adadzuka m'mawa n'kupeza nyimbo ali nazo koma woimbira palibe. Palibe adawafunsa, chifukwa pamapepala timuyo sidali yawo.

Sindikunena kuti eni ake a Bullets ali ndi maganizo otero. Ndikungoti timu ikakhala katundu wa kampani, tsogolo lake limagamulidwa m'chipinda momwe wa ku Ndirande salowamo. Malonda a fodya akadzavuta, kapena akadzabwera atsogoleri ena osakonda mpira, chidzawaletsa n'chiyani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Neba sadayankhe. Adangoti nsima yapola.

Tsono za bwalo, zomwe bambo adafunsa. Matimu onse awiri, ndi ukulu wawo wonse, ndi alendi pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma lomwe lakalamba moti masewero a mu Africa amakachitikira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 300 kuchoka kwa ochemerera awo. Pa kampeni ya 2019 a Peter Mutharika adalonjeza kumangira timu iliyonse bwalo lake, la Maule ku Zingwangwa, lathu ku Kanjedza. Ntchito idayambika, kenaka idazilala. Nditapita kumudzi komaliza ndidadutsa dala ku Kanjedza, ndipo chimene ndidaona sindidawauze bambo. Pa nkhani iyi palibe woseka mnzake. Timu yopanda bwalo imagawana ndalama za pakhomo ndi mwini bwalo, singagulitse malonda ake momasuka tsiku la masewero, ndipo ilibe chuma chogwirika choti chiitchinjirize wothandiza akachoka. Amene adzayambe kukhala ndi pakepake pakati pa awiriwa ndiye adzakhale patsogolo zaka makumi awiri zikudzazo, kaya ligi ya chaka chino itengedwe ndi yani.

Ndikaika zonsezi pasikelo, ndiyenera kuvomera, ngakhale mtima ukukana, kuti lero neba waima pouma kuposa ife. Mu 2024 ligi idapita kwa Silver Strikers, Pasuwa adapita kukaphunzitsa Flames, ndipo mpando wake udatengedwa ndi Peter Mponda, yemwe adatenga ligiyo ndi Silver. Mwina Maule adzapunthwa chaka chimodzi kapena ziwiri, mwinanso ife tidzatenga ligi posachedwa, pakuti osewera tili nawo. Koma neba akapunthwa amagwera pa nazale yake. Ife tikapunthwa timagwera pa munthu mmodzi.

Ndipo pali china chomwe chandichititsa manyazi sabata ino. Ndimadzitcha Nyerere, koma nyerere zenizeni zimanyamula kanthu popita kuuna. Ine zaka zonsezi sindidaperekepo kalikonse ku timu yanga. Jezi yomwe ndimavala tsiku la dabi ndidagula pamsika, ndipo ndikudziwa bwino kuti ndalama yake sidafike ku Lali Lubani. Amalawi tili kuno ndife ochuluka, ku Dunoon, ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu, ndipo maliro akagwa timasonkha mpaka thupi likafike kumudzi. Luso losonkha tili nalo. Sitidaganizepo kuti timu nayo ingafune anthu ambiri opereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, okhala ndi liwu pa kayendetsedwe kake, m'malo modikira mwinichuma mmodzi kuti atisenzere.

Dzulo madzulo ndidawaimbiranso bambo. Ndidawauza kuti, "Bambo, za bwalo sindikulonjezani. Neba watitsogolera, ndipo zifukwa zake ndazipeza." Ndidayamba kuwafotokozera za nazale, za Santos ndi za Celtic. Adandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chomwe sachita kawirikawiri. Kenaka adatsokomola, n'kunena kuti, "Wakhalitsa ndi mwana wa ku Ndirande uja, wayamba kuyankhula ngati iye." Adandiuza kuti ndikadzabwera pa Khirisimasi ndidzawagulire jezi yeniyeni, ya kusitolo ya timu, ndipo tidzakwere minibasi mpaka ku Kanjedza kuti akaone okha pomwe ntchito idalekezera. Ndidawakumbutsa za bondo. Adati bondolo ndi lawo.