Mphindi zinayi za ambuya

Chimbale chija chinagona m'sutikesi ya amai zaka zoposa khumi, chokulungidwa m'chitenje. Munali kwaya ya azimai ikuimba pa St Luke's kuno ku Msoro, pa mishoni ya Anglican imene anayambitsa wansembe Leonard Kamungu, yemwe anamwalira mu 1913. Pamzere wakutsogolo panaima ambuya anga. Anatisiya mu 2016, ndipo mau ao sanajambulidwe pena paliponse.

Msuweni wanga wa ku Chawama ndiye anandidzutsa. "Asuweni, titumizirenikoni pa WhatsApp. Ana anga ambuya sakuwadziwa."

Ndinayankha kuti ndi chapafupi, poti ku wailesi kumene ndimathandiza ndimagwira mafailo tsiku ndi tsiku. Koma laputopu yanga ilibe polowetsa chimbale, mpaka ndinakabwereka DVD drive ya USB ku Chipata.

Ukatsegula DVD pa kompyuta umapeza foda yotchedwa VIDEO_TS, yodzaza mafailo a VOB. Chimbale chimanyamula mpaka 4.7 GB, ndiye bando yake ndani angaikwanitse? Ndinagwiritsa ntchito HandBrake, pulogalamu yaulere imene imasandutsa mafailowa kukhala MP4 imodzi yopepuka, yoti foni iliyonse ionetse.

Zonse zinayenda bwino kufikira mphindi ya 31. Apo makina anayamba kulira, kenaka zii. Ndinapukuta chimbale ndi kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita m'mphepete. Ndinayesa kasanu. Ayi ndithu.

Zimbale zowotcha pa kompyuta, za DVD-R, zimasunga zithunzi pa kautoto kopyapyala kamene kamafooka ndi kutentha komanso dzuwa. Kuno kuchigwa, mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40, ndipo sutikesi ija inali pansi pa malata. Ife tinkati tikusunga, chonsecho chimbale chinali kupsa pang'onopang'ono.

Zinatayika mphindi zinayi, zomwe zija ambuya amatsogolera nyimbo okha. Zotsalazo ndinazipulumutsa. Akuoneka akuomba m'manja, akuseka, koma mau ao asakanikirana ndi a gulu.

Nditawaonetsa amai, anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mwanangu, bwezera pamene akuseka paja." Ndinabwezera katatu.

Failo ndinaitumiza ku Lusaka ngati document, kuti WhatsApp isaifinye n'kuononga chithunzi. Ina ili pa flashi, ina pa Google Drive. Pa Facebook sindinaike. M'kwayamo muli azimai ena amoyo amene sindinawapemphe.

Inu a m'tauni, mukapita kumudzi pa Khrisimasi, funsani za zimbale za ukwati, za ubatizo, za Malaila. Nyamulani drive ndi flashi. Ine ndinkadziwa njira yake kalekale, koma chaka chilichonse ndinkati ndidzachita mawa.