Ku Leicester timagalimoto ta rimoti tidandiphunzitsa kufunsa

Ife amene tidakulira ku Ndirande m'zaka za m'ma 1980 tikudziwa kuti galimoto yoyamba ya mnyamata idali ya mawaya. Unkatola waya pamene wamupeza, n'kumupinda ndi mwala, matayala n'kudula ku patapata wakutha, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Phokoso la injini linkachokera pakamwa. N'chifukwa chake pamene ndidapita ku Mangalande kukacheza kwa mlongo wanga, yemwe ndi namwino mumzinda wa Leicester, ndinkadziona ngati katswiri pa nkhani ya timagalimoto. Ndinkadzinamiza.

Mlongo wangayo ali ndi mnyamata wa zaka 11 wobadwira komweko, wofatsa mopitirira muyeso. Akaweruka kusukulu amangodzitsekera kuchipinda, maso pafoni, ndipo mayi ake adandiuza kuti zimawadetsa nkhawa chifukwa alibe anzake. Chinthu chimodzi chokha chomwe adachitchulapo ndi chimwemwe ndi mpikisano wa timagalimoto toyendera rimoti, womwe adamva kuti umachitika kufupi ndi kwawoko. Malume safika chimanjamanja. Ndidalowa m'sitolo ina ya zoseweretsa, n'kusankha bokosi lalikulu kuposa onse, lokhala ndi chithunzi cha chigalimoto cha matayala ngati a thirakitala chikudumpha chulu. Ndalama zomwe ndidasungira mphatso za akumudzi zidathera pomwepo. Sindidafunse munthu.

Lamulungu lotsatira tidakwera basi, bokosi lili pamiyendo. Udali mwezi wa Novembala, nyengo yomwe kumeneko kumada isanakwane 5 koloko madzulo ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. M'nyengo yotere makalabu ambiri amachitira mipikisano yawo m'nyumba. Yathuyi idali holo ya masewero, yaikulu ngati tchalitchi cha m'tauni. Pansi adayalapo kapeti wotuwa, ndipo msewu wokhotakhota adaulemba ndi mapaipi ndi timatabwa. Mbali ina kudali nsanja yomwe oyendetsa amaimapo kuti aziona msewu wonse. M'mbali mwa khoma mudali matebulo odzaza ndi masikuludiraiva, mabatire, matchaja ndi makapu a tiyi. Timagalimoto tinkalira ngati njuchi zotuluka mumng'oma. Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti ambiri mwa eni ake sadali ana. Kudali azibambo a imvi, anyamata a ndevu, ndi atsikana angapo omwe ankakhotetsa galimoto mwaluso kuposa abambo awo.

Patebulo lolembetsera padakhala mdala wina wa magalasi. Adatsegula bokosi lathu, n'kuyatsa rimoti, n'kupotoza chiwongolero pang'ono. Matayala adakhotera kumanzere mpaka kumapeto. Adapotozera kwinako, matayala n'kuthamangiranso kumapeto a kumanja.

"Mwaona bambo," adatero modekha, "iyi imadziwa kukhota kotheratu kapena kusakhota konse. Ya mpikisano imakhota molingana ndi mmene dzanja lapotozera, ndipo moto wake umakwera molingana ndi mmene chala chakokera. Chachiwiri, mwendo wa iyi ukathyoka mulibe kogula wina. Chachitatu, muno mulibe gulu lomwe ingapikisane nalo."

Mnyamata uja adandikoka malaya. "Amalume, tiyeni tizipita." Nkhope yake idandiuza kuti tikatuluka pakhomo paja sadzabweranso. Pamtima padandipweteka. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.

Mdalayo adatiletsa kuchoka. Adatulutsa pansi pa tebulo kagalimoto kokalipakalipa komwe kalabu imabwereketsa alendo, n'kuuza mnyamatayo kuti athamanga m'gulu la ongoyamba kumene. Ine adandikhazika pampando, ndipo kwa maola atatu ndidakhala mwana wasukulu.

Phunziro loyamba lidali lakuti munthu asagule kanthu asanafike pabwalo. Timagalimoto timeneti timapikisana m'magulu malinga ndi kukula, mtundu ndi mphamvu ya mota. Tikamati 1/10 ndiye kuti ndi kocheperako kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, kotalika kupitirira pang'ono masentimita 40. Palinso 1/12, tating'ono tothamanga pakapeti, ndi 1/8, zazikulu zomwe zimakonda kuthamanga panja. Ena ndi a msewu wosalala, ena, otchedwa buggy, ndi a mabampu ndi kudumpha. Kalabu iliyonse ili ndi magulu ake. Ukagula mtundu womwe anzako pamalopo alibe, usowa wopikisana naye, usowa wokubwereka sipeya, usowanso wokulangiza.

Lachiwiri lidali la magetsi ndi mafuta. Pali timagalimoto tokhala ndi kainjini kenikeni koyendera mafuta otchedwa nitro, osakaniza methanol, nitromethane ndi oyilo. Timalira mokoma, timatulutsa utsi, koma timafuna munthu wodziwa kutchuna injini ndipo malo ake ndi panja. Woyamba kumene amamulangiza za batire. Ngakhale pa za batirepo, mota zake zimasiyana. Pa mota zamakono zopanda mabulashi amalembapo manambala monga 21.5, 17.5 kapena 13.5. Nambala ikakhala yaikulu, mota imakhala yofatsa. Mdalayo adati wophunzira atenge yofatsayo, chifukwa galimoto yothamanga kwambiri m'manja mwa mlendo imangothera kukhoma.

Lachitatu lidali la kugula yomangamanga kale kapena yodzimangira wekha. Makampani monga Traxxas ya ku America adatchuka ndi galimoto zomwe umangotulutsa m'bokosi n'kuyamba kuyendetsa. Ena monga Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, yomwe idatulutsa galimoto yake yoyamba ya rimoti mu 1976, amagulitsa zidutswa m'timatumba kuti umange wekha. Ku Northampton, mtunda wosatalika kuchokera ku Leicester, kuli kampani ya Schumacher yomwe imapanga za mpikisano weniweni. Ubwino womanga wekha ndi wakuti chikathyoka chinthu umadziwa pomwe chili ndi mmene chimamasulidwira. Apa ndiye ndidagwedeza mutu ndi mtima wonse, pakuti nzeru imeneyi ife a mawaya tidaidziwa kalekale.

Koma mtengo wa pabokosi usakupusitseni. Galimoto yodzimangira nthawi zambiri imafunanso rimoti ndi kolandirira uthenga wake, servo yomwe imakhotetsa matayala, batire, tchaja, penti, ndipo mwina ndi kachipangizo kotchedwa ESC komwe kamayeza moto wopita ku mota. Rimoti za masiku ano zimayendera 2.4 GHz ndipo sizisokonezana. Kale, pa 27 ndi 40 MHz, anthu awiri akakumana pa nambala imodzi wina ankayendetsa galimoto ya mnzake osadziwa. Pali kenanso kotchedwa transponder, kachipangizo kakang'ono komwe kamauza kompyuta nthawi iliyonse galimoto ikadutsa pamzere. Makalabu ena amabwereketsa.

Pa nkhani ya batire nkhope ya mdalayo idasintha. Mabatire a LiPo ndi opepuka komanso amphamvu. La maselo awiri limalembedwa mavoti 7.4 ndipo likadzaza limafika 8.4. Likabooka, likatupa, kapena likatchajidwa ndi tchaja yolakwika, limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Muholo monsemo aliyense ankatchaja batire lili m'kathumba kosagwira moto, ndipo palibe ankalisiya lokha. Adandiuzanso kuti wopikisana aliyense amayenera kulembetsa ku bungwe la British Radio Car Association, lomwe lidayamba mu 1971, chifukwa umembalawo umabwera ndi inshulansi ngati galimoto itavulaza munthu. Padziko lonse masewerowa ali ndi bungwe lawo, IFMAR, lomwe limayendetsa mipikisano ya akatswiri. Ndidazindikira kuti zomwe ndinkaziyesa zidole zili ndi malamulo ngati mpira.

Nthawi ya mnyamata wathu idakwana. Mpikisano uliwonse ndi wa mphindi 5, ndipo wopambana ndi amene wazungulira kambiri. Ulendo woyamba adakoka moto wonse, n'kugunda paipi pakona yoyamba, galimoto gada! Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Mtsikana wina wa msinkhu wake adamuyandikira n'kumunong'oneza kuti asiye moto asanafike pakona, akhote, kenako akokenso. Ulendo wachitatu adayenda ngati nkhalamba yopita kumsika, koma sadagunde kalikonse, ndipo pepala la kompyuta lidaonetsa kuti adazungulira kambiri kuposa maulendo awiri oyamba aja. Kuthamanga sikufika.

Pali lamulo lina lomwe lidandigwira mtima. Ukamaliza kuthamanga suthamangira kutebulo lako. Umakaima m'mbali mwa msewu kuti uzidzutsa galimoto za gulu lotsatira zikagubuduka. Katswiri amadzutsa ya mwana, mwana amadzutsa ya katswiri. Ndidaona mnyamata uja, amene kunyumba sayankha ngakhale moni mokweza, akudumpha mapaipi kukadzutsa galimoto ya bambo wa imvi, bamboyo n'kufuula kuthokoza ali pansanja. Kumapeto kwa tsiku aliyense adathamanga mpikisano wotsiriza ndi a liwiro lofanana naye, kuyambira gulu A kutsika m'munsi. Wathu adamaliza kumbuyo kwa onse m'gulu lotsiriza, koma adatsika pansanja mano onse ali pamtunda.

Tidabwererako Malamulungu ena awiri tisanagule kalikonse. Kenako bambo a mtsikana uja adatigulitsa Tamiya yogwiritsidwapo kale ntchito, pamodzi ndi rimoti ndi thumba la masipeya, pamtengo wotsikirapo kuposa chigalimoto changa chija. Chatsopano chomwe tidagula ndi batire ndi matayala, pakuti adatichenjeza kuti batire lakale sudziwa mmene lidasungidwira, ndipo pakapeti matayala oyenera amathandiza kuposa mota yodula. Usiku womwewo tidaimasula yonse patebulo la kukhitchini. Nditamuonetsa mmene timikono ta chiwongolero timakankhira matayala, mnyamatayo adafunsa kuti, "Amalume, mudaziphunzira kuti zimenezi?" Ndidatenga waya wa hang'ala, n'kumupindira kutsogolo kwa galimoto ya ku Ndirande. Adaiyang'ana nthawi yaitali, kenako adati timalize yonse.

Kwa abale athu amene muli kunja, kapena amene mukufuna kuitanitsira mwana kagalimoto kotere, langizo langa ndi lomwe ndidalilipira ndi ndalama zanga: yambani mwapita kumene anthu amathamangitsako, onani zomwe akuyendetsa, funsani ngati masipeya ake amapezeka, kenako tulutsani chikwama.

Chigalimoto cha matayala a thirakitala chija ndidabwera nacho kuno m'sutikesi. Pafumbi la kuseri kwa nyumba chikuyenda bwino ndithu, ndipo ana a m'dera lathu amachithamangitsa ndi zawo za mawaya. Mwendo umodzi udathyoka sabata yachiwiri, monga adanenera mdala uja. Sipeya kulibe, koma anawo adaumanga ndi waya ndi mphira, ndipo chikuyendabe.