Khungu la Ndeke Yanga

Ambiri a inu munaumbapo ng'ombe za dothi, kapena kupanga galimoto ya ciwale. Ine mphunzitsi wanu ndinapanga kandeke, ndipo kanandicititsa manyazi.

Mlendo wina wocokera ku England, amene anaceza pa sukulu pathu, anandisiyira timatabwa ta balsa ndi mpukutu umodzi wa pulasitiki yofiira. Balsa ndi mtengo wopepuka ngati ciwale, ndipo wambiri ucokera ku Ecuador. Ndinalumikiza timatabwato kufikira mafupa a ndeke anaoneka. Koma mafupa okha sauluka, afuna khungu.

Kale amisiri a tindeke anali kukuta mapiko ndi pepala lopyapyala kapena silika, napakapo mankhwala oumitsa. M'caka ca 1966 ku America anayamba kugulitsa pulasitiki yochedwa MonoKote, imene imatidwa ndi simbi. Kunsi kwa pulasitiki yotere kuli ulimbo umene ugwira pokhapo ukamva kutentha. Kutenthako kukaonjezeka, pulasitikiyo ikungika monga cikopa ca ng'oma imene aiwamba pamoto.

Tsiku Loweruka ndinaitana anyamata anai kuti aonerere. Ndinasalaza phiko, ndinapukuta fumbi, ndipo ndinadula cidutswa coposa phikolo pang'ono. Mlendo uja anati pomata pafunika kutentha kwa madigiri ngati 100, ndi pokunga ngati 150. Koma simbi ya makala ilibe manambala!

Mkazi wanga anati, "Bambo, simbiyo yapsa kwambiri. Yambani mwayesa pa kacidutswa."

Sindinamvere, pakuti maso a anyamata anali pa ine. Pongoikapo simbi, pulasitiki inasungunuka, ndipo panatseguka cibowo coti dzira la nkhuku n'kulowa. Anyamata anangoti zii. Mmodzi anayang'ana kudenga kuti abise kuseka, ndipo sindimuimba mlandu.

Mpukutu unali umodzi wokha, ndipo kwathu kuno kulibe sitolo yogulitsa zotere. Tsono ndinacotsa makala ena, ndinadikira, ndi kuyesa pa kacidutswa monga anandiuzira. Ndinamata cigamba pabowopo. Pa mbali zotsala ndinayamba kumata pa ngodya zinai, kenaka m'mphepete monse, ndipo potsiriza ndinayendetsa simbi pakati mopepuka. Makwinya anatha ndikuona.

Vuto lina linabwera. Popeza ndinakunga pamwamba kwambiri kuposa pansi, phiko linapotoka. Ndeke ya phiko lopotoka imapendekera mbali imodzi nigwa. Mnyamata wina anagwira phikolo molipotolera kwina, ine ndikutenthetsa mbali zonse ziwiri, ndipo litazizira linaongoka.

Lolemba tinakaiponya pa culu ca kuseri kwa bwalo la mpira. Inayandama mwakacetecete, cigamba cija cikuoneka bwino lomwe padzuwa, niikatera m'munda wa nsawa wa a hedimasitala. Anyamata anathamangira ndeke. Ine ndinapita kukapepesa za nsawa.