Cholembera cha Malemu Agogo

Ku Mtakataka, m'dera la Mfumu Kachindamoto, kuli mphunzitsi wina amene kwa zaka makumi awiri analemba ndi bolopeni monga anzake onse. Ikatha ankaitaya kudzala, nagula ina pagolosale, osaganizanso za iyo. Koma tsiku lina, pofunafuna makalata a munda m'bokosi lachitsulo la malemu agogo ake, anapeza kanthu kokulungidwa m'kansalu. Pofunyulula anaona kuti ndi cholembera chakuda cha inki, cha mtundu wa Swan, chopangidwa ku England.

Agogo akewo anali kalaliki pasiteshoni ya sitima. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935, kudzera ku Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka, ndipo masiku amenewo katundu yense wokwera sitima ankalembedwa m'buku ndi dzanja. Munthu wopachika cholembera pathumba la malaya anali wolemekezeka ndithu, pakuti madzulo anthu osadziwa kulemba ankadza kwa iye kuti awalembere makalata opita kwa ana awo ku migodi ya ku Johannesburg.

Pamenepo mphunzitsi uja anachita chopusa chimene oyamba ambiri amachita. Anapita nacho ku ofesi ya sukulu, nachiviika mu inki ya chidindo, nakoka kachitsulo ka m'mbali mwake mwamphamvu. M'katimo munamveka kuphwanyika ngati tsamba louma. Cholembera chinalemba mawu awiri okha, n'kuleka. Usiku umenewo tulo sanatione, poganiza kuti chimene agogo anasunga zaka zonse zija iye wachipha tsiku limodzi.

Mnzake wina anamuuza za mkulu wina wa ku Mua, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anaphunzira pamishoni ija ya ansembe a White Fathers, yotsegulidwa mu 1902, nthawi imene madesiki anali ndi kabowo kokhazikapo kabotolo ka inki. Loweruka m'mawa anapalasa njinga kupita kumeneko. Mkuluyo analandira cholembera ndi manja awiri, nachinunkhiza.

"Bambo aphunzitsi, mwachidyetsa chiyani chimenechi?"

"Inki ya chidindo, agogo."

"Ha! Khanda mwalipatsa kondowole."

Tsono anamukhazika pamphasa namufotokozera zonse mosafulumira. M'mimba mwa cholembera chotere muli kathumba ka mphira. Kachitsulo ka m'mbali kaja, kamene Walter Sheaffer wa ku America anatulukira mu 1908, kamafinya kathumbako, ndipo pokabweza kathumba kamafufuma n'kuyamwa inki. Chimene chinaphwanyika ndi kathumbako, koma mlandu sunali wa mphunzitsi yekha, chifukwa mphira ikakalamba imauma yokha. Chinsinsi chenicheni chili pansi pa nsonga, pamene pali timingalande tating'ono ngati tsitsi. Inki imatsika m'menemo pang'onopang'ono, mpweya nukwera kukalowa m'malo mwake. Nzeru imeneyi inatchukitsa Lewis Waterman wa ku New York kuyambira mu 1884. Inki yolimba ya chidindo inatseka timingalande timeneti monga matope atsekera ngalande ya kudimba.

Mankhwala ake anali madzi ozizira ndi kuleza mtima. Nsonga inagona m'kapu masiku atatu, madzi akusinthidwa m'mawa ndi madzulo, kufikira analeka kuda. Kathumba katsopano kanachedwa miyezi iwiri, pakuti kanachita kubwera ndi mwana wa mkuluyo kuchokera ku Johannesburg.

M'miyezi yodikirayo ndi m'mene mphunzitsi anadziwira kuti mkuluyo sali yekha. Lamulungu loyamba la mwezi, anthu atatuluka m'tchalitchi, pakhonde pake pamasonkhana anthu asanu: namwino mmodzi, mlembi wa bwalo la mfumu, aphunzitsi awiri, ndi mnyamata wa ku Golomoti wogulitsa mayunitsi a foni. Alibe dzina, alibe wapampando, alibe msonkhamsonkha. Aliyense amatulutsa cholembera chake, nayesa inki ya mnzake pa pepala, nakambirana kuti ndi makope ati amene amamwa inki ngati mchenga ndi ati amene amaisunga bwino. Namwino ali ndi Parker 51, mtundu umene unayamba kugulitsidwa mu 1941, ndipo amanyadira. Mnyamata uja ali ndi Hero ya ku Shanghai, yotsika mtengo, yofanana ndi Parker maonekedwe ake. Kunena zoona, ya mnyamatayo imalemba bwino pafupifupi ngati inayo, ngakhale namwino sangavomere. Woyamba kumene amamulangiza kugula yotereyi, kuti akalakwitsa asalire kwambiri.

Lamulo ali nalo limodzi lokha: munthu sagwira cholembera cha mnzake osapempha, ndipo akapatsidwa sakanikiza. Dzanja lozolowera bolopeni ndi lolemera, pakuti bolopeni imafuna kukankhidwa, pamene cholembera cha inki chimafuna kungokhudza pepala.

Phunziro lina analiphunzira mwamanyazi. Mwezi wa Okutobala ku Mtakataka dzuwa limaswa mtengo. Tsiku lina, cholembera chitachira, anachigoneka m'thumba chili ndi inki pang'ono, naima pabwalo kulankhula ndi ana. Mpweya wa m'kathumba unafufuma ndi kutentha, nukankhira inki kunja. Potsegula chivindikiro kuti alembe mayina a ochedwa, zala ndi malaya oyera zinada zonse, ana n'kumaseka mobisa. Anzake a pakhonde atamva anaseka koposa anawo, namuuza kuti kuchigwa kuno cholembera chiziyenda chodzaza, nsonga ikuyang'ana kumwamba.

Chinthu chimodzi chinamuvuta masabata angapo. Akagwira cholembera monga anazolowera, nsonga inkakanda pepala. Akachipendeketsa pang'ono kumanzere, inkatsetsereka ngati bwato pamadzi odekha. Mkulu wa ku Mua anaiyang'ana pa galasi lokulitsa, namuonetsa mbali imodzi yoperepeseka.

"Apa ndi pamene agogo anu ankatsamira, mwana wanga. Ndikhoza kupala kuti ifanane ndi dzanja lanu."

Mphunzitsi anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Iyayi, agogo, isiyeni." Anabwerera ku Mtakataka, natulutsa m'bokosi muja kalata yakale ya agogo, naiyala patebulo pambali pa malipoti a ana a Sitandade 8, nayamba kusaina, dzanja atalipendeketsa kumanzere.