Madzi a ku Mitundu ndi ozizira, moto uli ku Chiweta

Minibasi inandisiya pa msika wa Mitundu dzuwa litakwera, wakabaza n'kunditengera kumudzi wina kuseri kwa phiri la Bunda, kumene anthu obowola mjigo anali atangomaliza ntchito. Ndinapeza anyamata akupopa madzi ndi injini, wina akutsitsa chingwe m'chitsime kuona momwe madzi akutsikira, mnzake akulemba m'kope. Atazimitsa injini anayambanso kuyesa, tsopano kuti aone ngati madziwo abwerera msanga. Kapitawo wawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, mjigo uliwonse umatulutsa madzi tsiku loyamba. Ife tikufuna kudziwa za mu Okutobala."

Ndinapisa dzanja m'ndowa. Madzi anali ozizira bwino, ndipo n'zosadabwitsa. Chigwa cha Lilongwe chinakhala pa thanthwe lakale, ndipo madzi a m'mijigo amachokera m'miyala yofumbutuka ya pamwamba pomwepa. Pansi pamatentha ndithu, koma pang'onopang'ono: madigiri 25 kapena 30 pa kilomita iliyonse imene watsika. Wofuna nthunzi yopukusira makina a magetsi kuno angabowole mpaka ndalama kumuthera.

Kunyanja n'kosiyana. Kumeneko nthaka inang'ambika kalekale, choncho madzi a mvula amalowa m'ming'alu n'kutsika kwambiri, amatenthedwa, kenako amakweranso. Ndiwo akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota, komanso a ku Chiweta m'boma la Rumphi, amene kutentha kwake kumayandikira madigiri 80. Akatswiri a kampani ya ku Italy ya ELC Electroconsult anayendera akasupe a dziko lino ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Padziko Lonse, ndipo Chiweta anaiika pakati pa malo opatsa chiyembekezo.

Ntchito yawo ndi ya anyamata a ku Mitundu yomwe ija, kungoti ndi yozama komanso yodula. Amatunga madzi pa kasupe n'kupima mchere wake, chifukwa madzi akadutsa m'miyala yotentha kwambiri amasungunula mchere wambiri. Amapimanso momwe magetsi amayendera m'nthaka kuti adziwe pamene pabisala madzi otentha. Zonsezi amazilowetsa m'kompyuta, imene imajambula nkhokwe ya pansiyo: kukula kwake, kumene madzi amalowera, ndi zaka zimene ingapirire ikamapopedwa, madzi ozizira n'kumabwezeredwa pansi. Koma chojambula cha kompyuta chimakhala chongoyerekeza kufikira chitsime chozama chitabowoledwa. Ku Olkaria m'dziko la Kenya, kumene magetsi otere anayamba mu 1981, zitsime zina zimafika makilomita 3. A ku Zambia anamanga makina ang'onoang'ono pa akasupe a Kapisya m'zaka za m'ma 1980, ndipo sanagwire ntchito imene anawamangira.

Madzulo ndinabwerera pa Bunda Turn-off n'kukwera minibasi ina ya pa msewu wa M1. Pa Nathenje magetsi anali atazima. Wowotcherera anali atakhala pa chitseko chimene anachisiyira pakati, pachigayo amayi atandalika matumba a chimanga n'kumacheza. Komatu chakutsogolo pang'ono, cha ku Nkhoma, kumafika nthambo zazikulu za 400kV zochokera ku Phombeya, zimene zinatha kumangidwa mu 2018. Njira ya magetsi ilipo. Chikuperewera ndi choyendamo. Magetsi athu ambiri amadalira mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi 130MW usiku umodzi.

Kutentha kwa pansi sikudikira mvula ndipo namondwe sakukokolola. A Unduna wa Zamagetsi ndi a kampani yopanga magetsi ya EGENCO, za pamwamba zapimidwa mokwanira. Pezani ndalama mukabowole chitsime chozama ku Chiweta, tidziwe ngati nthunziyo ilipo yokwanira.